Mapesi asanapse: ntchito zamanja za ana amkombaphala m'chilimwe

Chimanga chikalowa m'nkhokwe, m'munda mumatsala katundu yemwe mlimi samuwerengera. Mapesi ali mbwee m'mizere, makoko akuuluka ndi mphepo ya Ogasiti, zitsononkho zaunjikidwa kuseri kwa khitchini podikira kusonkhezera moto. Kudambo madzi aphwa ndipo dongo lili poyera. Kunyanja ndi kuchigwa cha Shire malambe agwa, zigoba zake zili m'mbali mwa njira. Pofika Okutobala mango ayamba kuoneka pamsika, mabulosi adetsa kale milomo ya ana, ndipo posachedwa masuku atsika kumapiri. Kwa mwana wa zaka zitatu, zinayi kapena zisanu, palibe nyengo ina pachaka imene imamupatsa zogwira zochuluka chonchi, zonse zaulere, zouma bwino, zosafuna kupita kusitolo.

Nyengoyi imagwa pabwino. Sukulu zimatsekera mu Julayi n'kutsegulira mu Seputembala, kotero chilimwe chimatenga tchuthi chachitali komanso chigawo choyamba cha chaka cha maphunziro, pamene tiana tatsopano tikuzolowera kumkombaphala. Mvula kulibe, choncho pansi pa mtengo wa mango kapena wa kachere pamakwana kukhala kalasi. Chowumbidwa m'mawa chimauma tsiku lisanathe. Vuto ndi lakuti katunduyu sakhalitsa: anyamata osaka mbewa amayatsa tchire, alimi posoosa amatentha mapesi, ziweto zimadya makoko, chiswe chimamaliza zotsala. Mlezi amene sanatole matumba awiri kapena atatu mu Ogasiti amapezeka mu Novembala alibe chopatsa ana.

Koma chomwe chimapha kwambiri ntchito zamanja si moto wa tchire ayi. Ndi maganizo a ife akuluakulu. Dutsani pasukulu zambiri zamkombaphala m'mawa, kumudzi kapena m'tauni, mumva ana akulakatula miyezi ya pachaka ndi masiku a pasabata m'Chingerezi, mawu okweza, manja ali lende. Kholo likabwera masana limafunsa kope. Mwana akatuluka ndi dothi pamalaya, funso limakhala lakuti, "Kodi aphunzitsi, ndalama tikulipirazi n'zoti mwana azisewera ndi matope?" Mlezi, poopa kuti ana angasamutsidwe, amabisa dongo n'kutulutsa choko. Ine ndikuona kuti pamenepa tikumana ana athu chinthu chomwe akuchifuna kuposa kope, ndipo tikuwamana tili nacho pakhomo.

Chala chisanagwire pensulo

Kulemba ndi ntchito ya timinofu ta m'zala, dzanja ndi maso zikuyendera limodzi. Timinofuti sitikhwima tsiku limodzi. Ana ambiri amatha kukopera mzere wozungulira akafika zaka zitatu, mtanda ndi bokosi la mbali zinayi cha m'zaka zinayi, ndipo chojambula cha nsonga zitatu chimadikira mpaka cha m'zaka zisanu. Chilembo ngati K kapena R chili ndi mizere yopendekera imene mwana wa zaka zitatu sangaikwanitse ngakhale mutamukalipira tsiku lonse. Akakakamizidwa amagwira pensulo ndi nkhonya yonse, amatopa, amalira, ndipo ena amayamba kudana ndi sukulu asanafike n'komwe Sitandade 1.

Chomwe chimakonzekeretsa zalazo ndi kutsina, kufinya, kupota, kung'amba, kutunga ndi kumanga. Mwana amene akukulunga dongo kuti likhale mwendo wa ng'ombe akugwiritsa ntchito chala chachikulu, chamkombaphala ndi chapakati, zala zitatu zomwezo zimene zidzagwire cholembera. Amene akutunga timapesi todulidula pachingwe cha khonje akuphunzitsa diso kutsogolera dzanja. Akatswiri a zaumoyo amadziwa zimenezi. Chida choyezera kakulidwe ka ana chotchedwa Malawi Developmental Assessment Tool, chimene Melissa Gladstone ndi anzake adachifalitsa mu 2010 atachiyesa pa ana a m'midzi ya dziko lino, chili ndi gawo lonse loona zimene mwana akutha kuchita ndi zala zake, pambali pa kuyenda, kulankhula ndi kukhala ndi anzake.

Ngakhale sukulu za azungu zimene timazisirira sizidayambe ndi makope. Friedrich Fröbel, amene mu 1840 adapatsa sukulu yake ya ana ku Bad Blankenburg, m'dziko la Germany, dzina lakuti Kindergarten, ankapatsa ana timatabwa, dongo, mapepala opinda ndi oluka, komanso timitengo tolumikiza ndi nsawawa zonyika m'madzi. Maria Montessori, potsegula nyumba yake ya ana ku San Lorenzo mumzinda wa Rome mu 1907, ankati ana ayambe ndi kumanga mabatani, kuthira madzi ndi kusisita zilembo ndi chala. Zomwe Fröbel ankachita ndi nsawawa, ana a kwa Kabudula kapena ku Thekerani akhala akuchita ndi mtima wa phesi kuyambira kale, popanda wowalembera buku.

Dongo

Pa zonse zomwe chilimwe chimapereka, dongo ndiye mfumu. Mabuku a kunja amalangiza kukanda ufa wa tirigu ndi mchere ndi mafuta ophikira kuti ana aziumbira. Ndi mitengo ya zinthu masiku ano, palibe mayi amene angalole ufa wa mandasi kuthera m'masewera, ndipo palibe chifukwa. Dongo la kudambo kapena la pachulu ndi labwino kuposa ufawo: limalimba likauma, silichita nkhungu, makoswe salidya, ndipo likaphwanyika mumangolinyika n'kuyambanso.

Kukonza kwake amakudziwa amayi oumba miphika ndi mitsuko. Dongo louma limasinjidwa, n'kuchotsa timiyala, mizu ndi magalasi, kenaka limanyikidwa usiku umodzi. M'mawa limakandidwa mpaka lileke kumata m'manja. Likakhala lonona kwambiri limang'aluka pouma, ndiye amathirako kamchenga kosefa. Losagwiritsidwa ntchito limakulungidwa m'masamba a nthochi kapena m'thumba la pulasitiki n'kuikidwa pamthunzi, ndipo limatha masiku angapo lili lofewa. Zoumbidwazo nazo ziume pamthunzi. Dzuwa la Okutobala limaumitsa kunja m'kati muli mwamadzi, ndipo mwana amapeza ng'ombe yake yaduka khosi.

Mukapatsa ana dongo, musayembekezere ng'ombe tsiku loyamba. Wa zaka ziwiri ndi theka amangolimenya, kuliboola ndi chala, kulinunkhiza. Imeneyo ndi ntchito kale. Wa zaka zitatu amapeza yekha kuti akalipukusa pakati pa zikhatho limatalika ngati njoka, akalizungulitsa limakhala mpira, akaliphwatsa limakhala chitumbuwa. Pa njoka, mpira ndi chitumbuwa ndi pamene pamachokera china chilichonse. Wa zaka zinayi amalumikiza zidutswazo: mpira waukulu ndi thupi, waung'ono ndi mutu, njoka zinayi ndi miyendo, ndipo amakumana ndi vuto lake loyamba la umisiri, lakuti miyendo yoonda sinyamula thupi lonenepa. Musiyeni alimbane nalo. Wa zaka zisanu amaumba ng'ombe ya linunda ndi nyanga, mphika wokhala ndi chivundikiro, wailesi, foni, ngakhale minibasi yokhala ndi kondakitala wake pakhomo.

Mverani zomwe ana amalankhula ali pantchitoyi. Ng'ombe zikakwana zisanu pamafunika khola, ndiye wina amathamangira timitengo. Khola likachepa pamabuka mkangano wa kuti ng'ombe zingati zilowe, ndipo kuwerengera kumayamba popanda wonena kuti tsopano ndi nthawi ya masamu. Mawu ngati chachikulu, chaching'ono, cholemera, chofewa, chosalala, pamwamba, m'kati, amatuluka okha chifukwa akufunika. Mwana wamanyazi amene sayankha pagulu amatha kufotokoza nkhani yonse ya mbuzi yake yadongo imene yathawa kubusa. Mlezi wanzeru amakhala pansi pomwepo n'kufunsa kuti, "Nanga yathawira kuti?"

Pali chizolowezi chimene ndingakonde chitatha: choti ng'ombe ndi magalimoto n'za anyamata, miphika ndi zidole n'za atsikana. Pamsinkhu uwu dzanja lililonse likufuna zonse. Mtsikana aumbe thirakitala, mnyamata abereke chidole chake kumbuyo.

Phesi, chitsononkho ndi chigoba

Phesi louma lili ndi zinthu ziwiri: khungu lolimba limene limasendeka m'timizere tosalala topindika, ndi mtima wofewa woyera umene umabooleka mosavuta. Ana a m'midzi amadula mtimawo m'tizidutswa n'kumalumikiza ndi timizere ta khungulo. Pamatuluka magalasi a m'maso, njinga, nyumba, ndege. Khungu la phesi limacheka ngati lumo, choncho kusenda ndi kwa wamkulu kapena mwana wa kupulayimale. Wamng'ono apatsidwe zosendasenda, ntchito yake ikhale yobaya ndi kulumikiza.

Chitsononkho ndicho chidole chosavuta kuposa zonse. Kansalu kotsala kwa telala kamakhala chitenje, ndevu za chimanga kapena ulusi wa thumba zimakhala tsitsi, khala limajambula maso. Kumanga kansaluko ndi kachingwe ndi phunziro lalikulu kwa mwana wa zaka zinayi, ndipo mfundo yoyamba imene adzamange yekha sadzaiiwala. Zitsononkho zimasanjikizikanso, ziwiri chopingasa pamwamba pa ziwiri, mpaka nsanja italike n'kugwa, ana n'kuseka, n'kuyambanso. Chigoba cha malambe kapena cha mateme, mukathiramo timiyala n'kutseka bwino pabowo, chimakhala chisekese cha gule wa masana. Njere ya mango yotsukidwa n'kuumitsidwa ili ndi tsitsi lake kale, longofuna kupesa. Makungwa ouma a nthochi amang'ambika, amapoteka, amakulungika kukhala mpira.

A m'tauni asadandaule kuti alibe munda. Ku Ndirande, ku Kawale kapena ku Chibavi kuli makatoni, zitsekerero za mabotolo, mabokosi a machesi, nyuzipepala zakale ndi zidutswa za nsalu. Chomatira chake n'chapafupi: supuni ziwiri za ufa wa kondowole kapena wa chinangwa chilichonse, kuvundula m'kapu ya madzi, kuwiritsa uku mukutakasa mpaka phalalo liwale. Likazizira limamata pepala, masamba, nthenga ndi nsalu. Likonzedwe la tsiku limodzi kapena awiri, chifukwa ndi kutenthaku limasasa msanga.

Utoto wa pakhomo

Kujambula ndi dothi si zachilendo kuno. M'mapiri a Chongoni ku Dedza muli malo 127 a zojambula pamiyala, amene bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Zofiira zidajambulidwa ndi Akafula, zoyera ndi makolo a Achewa pogwiritsa ntchito dothi loyera, ndipo zina mwa izo n'zokhudza miyambo imene ikuchitikabe. Mpaka lero amayi pozira nyumba m'chilimwe amadziwa kokatenga dothi lakuda, lofiira ndi loyera lokongoletsera khonde. Mwana amene waviika chala m'katondo n'kudinda pakhoma akuchita chinthu chimene anthu a dziko lino achita kwa zaka zambirimbiri, ngakhale amayi ake akalipe.

Makala osinja amapereka wakuda, phulusa losefa wotuwa, katondo kapena njerwa yoperapera wofiira, masamba osinja obiriwira, mabulosi ndi chidede wofiirira. Mukasakanizamo pang'ono phala la chinangwa lija, utoto umagwira osayoyoka. Burashi ndi nthenga ya nkhuku, kapena kamtengo kophwanyidwa kunsonga. Pojambulapo ndi katoni, thumba la simenti lokung'untha bwino, mwala wosalala, kapena pansi penipeni. Ndipo pali njira ina imene imakoma m'chilimwe mokha: chitini cha madzi ndi nthenga, kujambula pakhonde la simenti lotentha. Chithunzi chimauma n'kusowa ana akuona, ndipo funso lakuti madziwo apita kuti limabwera lokha.

Galimoto ya waya ndi dzanja la wamkulu

Galimoto ya waya ndi luso limene Malawi adatchuka nalo. Buku la ana la Karen Lynn Williams lotchedwa Galimoto, lomwe lidatuluka mu 1990, limasimba za mnyamata Kondi amene amayenda m'mudzi wonse kusaka mawaya, ndipo ana ambiri ku America adamva za dziko lino kudzera mwa iye. William Kamkwamba wa kwa Wimbe ku Kasungu, amene adapanga makina opukusa magetsi ndi mphepo kuchokera ku zitsulo zotayidwa, adakulira m'masewera a mtundu womwewu, opanga chinthu ndi zomwe wapeza. Koma waya ndi wa ana okulirapo. Ndi wolimba kwa tizala ta zaka zinayi ndipo nsonga yake ndi mdani wa diso. Galimoto ya wamkombaphala ikhale ya katoni kapena botolo la pulasitiki, mateyala a zitsekerero, wamkulu ataboola mabowo, mwana n'kulowetsa yekha kamtengo ndi kumanga chingwe chokokera.

Apa ndiye pali chiyeso chachikulu kwa ife akuluakulu. Timafuna chinthu chokongola chokaonetsa. M'sukulu zina zolipira za m'tauni mumapeza pakhoma agulugufe makumi awiri ofanana ndendende, onse odulidwa ndi aphunzitsi usiku, mwana atangouzidwa pomata diso. Makolo amajambula pafoni n'kutumiza kwa achibale pa WhatsApp. Mwanayo sanasankhepo kanthu, sanalakwitsepo kanthu, ndiye sanaphunzirepo kanthu. Kunyumba n'chimodzimodzi: bambo amaona ng'ombe ya mwana yapendekeka, amati "Bwera nayo kuno ndikukonzere," ndipo m'mphindi ziwiri yasanduka ng'ombe ya bambo. Mwana amaiyang'ana, amaona kuti yake inali yoipa, mawa safunanso kuumba. Ntchito ya wamkulu ndi kukonza malo, kubweretsa zipangizo, kugwira mpeni, ndi kufunsa. "Tandiuza za chimene wapangachi" ndi funso labwino kuposa "Chimenechi n'chiyani?", chifukwa lachiwirili limauza mwana kuti chinthu chake sichikuzindikirika.

Nthawi nayo ikhale ya msinkhu wawo. Wa zaka zitatu akhoza kutopa pakatha mphindi khumi, wa zaka zisanu akhoza kukhala ola lonse. Wotopa anyamuke. Ndipo m'maboma ngati Nsanje ndi Chikwawa, kumene kutentha kumapyola madigiri 40 mu Okutobala ndi Novembala, ntchitoyi ndi ya m'mawa kapena yamadzulo, pamthunzi, madzi akumwa ali pafupi.

Zoti muchenjere nazo

Si chilichonse cha kutchire chimene chili choseweretsa. Njere za nsatsi n'zokongola, zamawangamawanga, koma zili ndi poizoni woopsa zikatafunidwa. Timbewu tofiira tokhala ndi kadontho kakuda, timene ena amatunga mikanda, n'toopsa koposa. Utomoni wa nkhadze umawononga maso, ndipo chitedze m'chilimwe chimakhala chitakhwima. Nyemba, chimanga ndi timikanda ana aang'ono amaziika m'mphuno ndi m'makutu kapena kutsamwa nazo, choncho osakwana zaka zitatu asapatsidwe, ndipo okulirapo akhale ndi wowayang'ana. Mabotolo amene munali mankhwala a mbewu kapena othira m'chimanga asayandikire ana ngakhale atatsukidwa. Mabatire akale asaphwanyidwe pofuna utoto wakuda, ndipo timabatire tozungulira ta m'mawotchi tikamezedwa timawotcha kummero m'maola ochepa. Milu ya mapesi ndi zitsononkho ikung'unthidwe kaye, muja mumabisala zinkhanira ndi njoka.

Dongo akatenge ndi wamkulu, kutali ndi zimbudzi ndi makola, ndipo ana asalowe m'zithaphwi zotsalira kudambo momwe mumakhala nkhono za likodzo. Akamaliza, manja asambidwe ndi sopo phala lisanafike. Amene adaona kolera ya 2022 ndi 2023 safunika kuuzidwa kawiri.

Alezi asasiyidwe okha

Pamapepala dziko lino lidavomera kale kuti kusewera ndi ufulu. Pangano la United Nations la ufulu wa ana la 1989, limene Malawi adalivomereza mu 1991, limanena m'ndime 31 za ufulu wa mwana wopuma, kusewera ndi kutenga nawo mbali pa zaluso. Ndondomeko ya boma ya mmera mpoyamba idakhazikitsidwa mu 2003 n'kukonzedwanso mu 2017, ndipo kuyambira 2024 tsiku la 11 Juni ndi la masewera a ana padziko lonse. Koma amene amasandutsa mapepalawa kukhala dongo m'manja mwa mwana ndi mlezi wa kumudzi, amene nthawi zambiri amagwira ntchito mongodzipereka, ana ali makumi angapo, nayenso munda wake ukumudikira kuti asose mvula isanagwe. Kumuuza kuti akumbe dongo, asende mapesi, aphike chomatira, kenaka ayang'anire ana onsewo yekha, n'kumupempha zosatheka.

Komiti ya sukulu ndi a mfumu akhoza kupeputsa katunduyu popanda kudikira mabungwe. Monga momwe makolo amasonkhera ufa wa phala ndi nkhuni, asonkhenso thumba la zitsononkho, makatoni ndi zidutswa za nsalu, n'kupeza pamalo pouma posungira, pokwera kuti chiswe chisafike. Ana a Sitandade 6 ndi 7, amene ali patchuthi mu Ogasiti, ndiwo akatswiri a mapesi ndi magalimoto, ndipo amanyadira akapemphedwa kuphunzitsa ang'ono awo. M'mudzi uliwonse muli agogo oumba miphika ndi abambo oluka malichero, mphasa ndi mikeka. Gogo woteroyo akaitanidwa m'mawa umodzi pasabata, n'kukhala pamkeka ndi dongo lake akuumba mtsuko ana atamuzungulira aliyense ndi kachidutswa kake, mlezi amapeza mpata wosamala aang'ono kwambiri. Kholo lija lofunsa kope nalonso liitanidwe tsiku lomwelo, lipatsidwe mpando pafupi, limve mwana wake akuwerengera agogo miyendo ya ng'ombe yake ndi kuwafunsa chifukwa chimene mtsuko wawo sukugwa.